Zitsanzo zanu za LVGL, zilekanitseni ndi bodi

Achimwene, mwati muli ndi zitsanzo pafupifupi 30 za LVGL (laibulale yojambulira mabatani ndi zina pa maskirini a tizipangizo ting'onoting'ono) mu foda imodzi, zolembera bodi ya ESP32 ndi kaskirini ka ILI9341, ndipo mutasamuka kuchoka ku LVGL v8 kupita ku v9 zambiri zakana kukompaila. Mukufunsa kuti muzisunge bwanji. Inenso matope omwewa ndinawaponda.

Musadzidzudzule kwambiri. v9 itatuluka mu 2024 mayina ambiri anasintha: lv_btn_create inasanduka lv_button_create, lv_img inakhala lv_image, lv_scr_act inakhala lv_screen_active. Pali fayilo ya lv_api_map_v8.h yomwe imalola mayina akale kugwirabe ntchito, ndiye apa zovuta si zambiri. Pomwe pamawawa ndi polumikiza skirini. lv_disp_drv_t anaichotseratu, tsopano mumayamba ndi lv_display_create kenako lv_display_set_flush_cb. Ndikuganiza kuti ndi pomwe mwagwera, chifukwa ngati muli ngati mmene ndinaliri ine, chitsanzo chilichonse chili ndi khodi yakeyake yoyatsa SPI (njira yomwe bodi imalankhulira ndi skirini), yotchula mapini, yodzutsa skirini, kenako m'munsimu timizere tisanu tojambula batani. Mukasintha chinthu chimodzi mukonza malo 30.

Taonani mmene eni ake a LVGL amachitira mu foda yawo ya examples. Chitsanzo chilichonse ndi function imodzi, monga lv_example_button_1, yosalandira kanthu, yongojambula pa skirini yomwe ilipo kale. Mulibe pini, mulibe SPI, mulibe main. Zaikidwa m'magulu malinga ndi zomwe zikuphunzitsa: widgets, styles, layouts, event, anim, scroll. Chitani zomwezo. Khodi ya bodi ikhale mu foda yake, fayilo imodzi pa bodi iliyonse, ndipo main izingodzutsa skirini, kuitana chitsanzo chomwe mwasankha, n'kumazungulira pa lv_timer_handler, function yomwe imayendetsa ntchito za LVGL. Mawa mukagula bodi ina ngati ya STM32 mulemba fayilo imodzi basi, zitsanzo zonse zibwera zokha.

Phindu lina lalikulu n'lakuti zitsanzo zosadziwa za bodi zimathamanga pa kompyuta kudzera mu SDL, laibulale yomwe imatsegula windo loimira skirini. Simufunikanso kulumikiza waya ndi kudikira khodi ilowe mu bodi kuti muone ngati batani lakhala pakati. Ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kutsindika: chitsanzo chomwe sichikompailidwa kawirikawiri chimavunda mwakachetechete. Mumangodzazindikira tsiku lomwe mnzanu wachikopera n'kukuimbirani foni. Lembani fayilo ya CMake (chida chomangira khodi) yomwe imamanga zonse nthawi imodzi, muiike pa GitHub Actions (makina a GitHub ogwira ntchito okha) kuti izithamanga mukakankha khodi. LVGL yeniyeniyo muikokere ngati submodule ya Git (pulojekiti ina mkati mwa yanu) yomangirizidwa pa tag inayake (chizindikiro cha version imodzi), osati pa master yomwe imasintha nthawi zonse, kuti kusamuka kuzikhala chinthu chomwe mwasankha nokha.

Pamwamba pa chitsanzo chilichonse ikani mzere ngati womwe a LVGL amaika: #if LV_USE_BUTTON && LV_BUILD_EXAMPLES. Munthu akazimitsa widget (chinthu chojambulidwa, monga batani) mu lv_conf.h, fayilo ya masetingi a LVGL, pofuna kusunga malo mu flash ya bodi, zitsanzo zake zimangodumphidwa m'malo mogwetsa zonse. Chimodzimodzi mafonti. Fonti ya Montserrat 14 ndiyo imabwera yoyatsidwa kale, mukagwiritsa ntchito ya 28 onetsetsani kuti mwaiteteza ndi #if yofanana ndi imeneyi.

Kanthu kena kamene kanandidyera usiku wathunthu: ndinalemba lv_style_t mkati mwa function popanda static. Pa kompyuta zinkaoneka bwinobwino, pa bodi mitundu inangosokonekera kenako n'kuzima. LVGL simakopera style, imangosunga pointer yoloza pomwe ili, ndiye function ikatha zomwe zinali pa stack (malo ake osakhalitsa mu memory) zapita. M'chitsanzo, cholakwika chotere n'choopsa kuposa mu pulojekiti, chifukwa anthu amakopera osafunsa.

Za mayina ndimasiyana nawo pang'ono a LVGL. Manambala aja a _1, _2, _3 sanena kanthu, iwo amawathandiza ndi index.rst yomwe imapereka mutu wa chitsanzo chilichonse m'madokyumenti. Inu mulibe zimenezo, ndiye tchulani fayilo zomwe ikuchita, monga slider_ndi_label.c, ndi ndemanga ya mzere umodzi pamwamba.

Zitsanzo za v8 musavutike kuzisunga pamodzi ndi zatsopano pogwiritsa ntchito ma #if a version paliponse, khodi imasanduka chipwirikiti chosawerengeka. Ikani tag pa zakalezo, muzisiye. Ndipo pa 30 zija mukaunika bwino mupeza kuti zina n'zofanana, zinangosiyana mapini. Yambani ndi kufufuta zimenezo musanasamutse chilichonse.