Dzina lisaulule chinsinsi pa peji yoyamba

Achimwene, mwafunsa kuti mnyamata wa mu komiki yanu uja wosanduka mmbulu mwezi ukawala wonse mumutche Lupus kapena Wolf, komanso mutu wake ukhale chani. Ine ndikuti maina awiriwo asiyeni. Lupus ndi mmbulu basi mu Chilatini, Wolf ndi mmbulu womwewo mu Chingerezi, ndiye wowerenga akangoliona wadziwa kale amene akumaliza mbuzi m'khola, nanga mapeji otsalawo atsegulirenji? Chimaopsa pa nkhani zoterezi nchakuti chilombocho masana mumadya nacho mbale imodzi. Ku Bedburg ku Germany mu 1589 anapha munthu pomunena kuti amasanduka mmbulu, dzina lake Peter Stumpp, mlimi chabe wodziwika ndi aliyense m'deralo, dzinalo silinkanunkha chilombo ayi.

Ngati nkhaniyo ikuchitikira ku Ulaya tengani dzina ngati Rudolf kapena Ulf, m'tanthauzo lake mmbulu ulimo koma wabisala. Apo ayi mpatseni Lycaon akhale dzina la agogo ake, paja mu nthano za Agiriki ameneyu ndi mfumu imene mulungu wawo Zeus anaisandutsa mmbulu.

Koma ngati mukuiika kuno kwathu, ganizirani fisi. Tonse tinakula tikumva zoti afiti amakwera fisi usiku, ku Ethiopia nako ali ndi bouda, anthu oti amasanduka afisi, ndipo chilombo cha ku Dowa cha mu 2003 chija anthu mpaka kuthawa m'nyumba zawo. Apa mnyamatayo mutcheni Chisomo, osati Mavuto kapena Masautso. Tangoonani chithunzi ichi: usiku, mayi ake agwira nyali kuseri kwa chitseko, panja china chake chikupuma mwamphamvu, iwo nkufunsa motsitsa mawu "Chisomo, ndiwe?" Ine apa tsitsi limandiimirira, chifukwa dzina lokoma chonchi likuitanidwa pa chinthu cha mano. Komanso lalifupi limakwana bwino mu kabaluni ka mawu kaja osaphimba nkhope imene mwavutika kujambula. Anzake asayambenso ndi Chi onse, mukaika Chisomo, Chikondi ndi Chifundo pamodzi anthu azisokonezeka.

Za mutu, "Munthu Wosanduka Fisi" yafotokoza zonse kale. Mawu awiri kapena atatu akwana, oti alembeke akuluakulu pachikuto nkuwerengeka ngakhale pa foni. Ine ndikanasankha "Usatsegule Chitseko" kapena "Mapazi Pakhomo". Muwerengereni wina mokweza musanayambe kujambula chikuto, akafunsa kuti mapazi a ndani ndiye mwaupeza.