Za seva ya imelo ija, yambani mwafunsa a intaneti

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa mapulogalamu oyendetsera seva ya imelo a Mailcow, iRedMail ndi Mail-in-a-Box muike iti pa laputopu yakale kuti imelo ya kabizinesi kanu izikhala kunyumba. Musanasankhe, imbirani kaye kampani yomwe imakupatsani intaneti. Afunseni ngati port 25 (khomo lomwe maseva amatumizirana maimelo) ndi yotsegula, ngati angakupatseni static IP (adiresi ya pa intaneti yosasinthasintha), komanso ngati angakukonzereni reverse DNS (yosonyeza dzina la seva yanu wina akafufuza IP yanuyo). Akakana chimodzi mwa izi, pulogalamu iliyonse yomwe mungaike sikuthandizani.

Ine ndinkayendetsa yanga pa fibre ku Rosettenville, kuno ku Joni. Maimelo obwera ankalowa bwinobwino, koma otuluka ndiye anali mavuto okhaokha. Ndimatumiza quotation kwa kasitomala, iye n'kumadikira osaona kanthu, ine ndili phee kuganiza kuti akulingalira za mtengo. Ntchito ina yabwino inapita kwa munthu wina chifukwa cha zimenezi, ndipo mpaka pano zimandiwawa. Nditafufuza ndinapeza kuti IP yanga ili pa mndandanda wa Spamhaus (bungwe lolimbana ndi spam) wotchedwa PBL, womwe maseva ambiri amayang'ana pokana maimelo, pomwe ma IP ambiri a m'nyumba amakhala ngakhale usanatumizepo spam. A intaneti anandiuza kuti reverse DNS amapereka kwa olipira akaunti ya bizinesi okha. Ngati muli pa LTE (intaneti ya netiweki ya mafoni) ndiye musayese n'komwe, nthawi zambiri IP imodzi mumagawana ndi anthu ambirimbiri.

Amene akukuuzani kuti ingoikani Mailcow sanakufunseni n'komwe kuti laputopuyo ili ndi RAM yochuluka bwanji. Eni ake amati imafuna 6GB. Ngati ndi ya 4GB izingopuma wefuwefu.

Langizo langa ndi lakuti mubwereke VPS (seva ya lendi yokhala ku kampani ina) yaing'ono, mwina R150 kapena R200 pamwezi, muikepo Ubuntu (mtundu wa Linux) ndi Mail-in-a-Box. M'kati mwake muli Postfix yotumiza ndi Dovecot yosunga maimelo, ndipo imakukonzerani SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe zimatsimikizira kuti imeloyo yachokeradi kwa inu. Zimenezi musazichepetse, chifukwa kuyambira February 2024 Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM. A VPS nawonso afunseni za port 25 musanalipire, ena amatseka. Domain ya .co.za ndi cha m'ma R100 pachaka.

Mukaumirirabe za kunyumba, kumbukirani magetsi a kuno ku Joni. Load shedding itachepa, akuba mawaya sanasiye. Seva ikazima maola ochepa maimelo satayika, chifukwa seva yotumiza imayesabe kwa masiku angapo, Postfix imafika masiku 5. Koma UPS (batire losunga magetsi akazima) ndi yofunika pa rauta ndi kabokosi ka fibre komwe, osati pa laputopu pokha.

Imelo yomwe munalembetsa ku banki ndi ku SARS (a msonkho) musaisinthe kaye mpaka yatsopanoyo itayenda miyezi ingapo popanda vuto.