Kuimba ma chord ndi ma synth a noti imodzi

Achimwene, mwafunsa ngati ma synth anu (makina oimbira opanga mawu ndi magetsi), SH-101, Pro-One ndi MS-20 yanu yakale ija, angaimbe ma chord (manoti angapo olira pamodzi) kuchokera pa kiyibodi imodzi, pamene iliyonse imaimba noti imodzi yokha pa nthawi. Zitheka ndithu, koma musathamangire kugula bokosi.

Ntchito ya bokosi la MIDI-to-CV, losandutsa uthenga wa kiyibodi (MIDI) kukhala ma volt olamulira synth (CV), ndi kugawa manoti. Mukadina makiyi atatu, synth iliyonse imalandira noti yake pa chingwe cha CV, pamodzi ndi gate yoiuza poyambira kulira ndi polekera. Pavuta ndi pakuti makinawa samva chinenero chimodzi. SH-101 ndi Pro-One zimakwera octave imodzi pa volt iliyonse. MS-20 ya 1978 imayendera Hz/V: kuti ikwere octave, ma volt awirikize, 1, 2, 4, 8. Mukaipatsa za anzake zija, noti imodzi kapena ziwiri zokha ndizo zingakhale pamalo, zina zonse zimasochera. Gate yakenso ndi ya mtundu wina, wotchedwa S-trig. Mukailumikiza ku gate wamba imachita zotembenuka, kulira mukachotsa chala, kukhala chete mukadina.

Ndiye pezani bokosi lotulutsa mitundu iwiri yonseyi, monga Kenton Pro 2000 MkII. Doepfer A-190-5 imagawa manoti anayi bwinobwino, koma imafuna kabati ya Eurorack, yoikamo ndi kupatsa magetsi zidutswa za synth.

Ndikanakhala ine, MS-20 ndikanaisiya pa bass, pa channel yakeyake. Mawu ake ndi aukali, pakati pa chord amameza anzake.

Koma thukuta lenileni lili pa kuchuna. Ziyatseni, zitenthe kaye mphindi 20. Kenako dinani C wapansi pa synth ziwiri nthawi imodzi, mutchere khutu: mumva mawu akugwedezeka, wawawa. Potozani tune pang'onopang'ono mpaka kugwedezekako kuzilale. Kwerani ma octave atatu, mudinenso C. Kukabwerera, vuto si tune ayi, ndi scale (muyeso wa ma volt pa octave iliyonse), ndipo mukonzere pa bokosi, osatsegula synth. Ine kale ndinkachuna C mmodzi basi, ndiye pojambula ma chord apamwamba onse ankatuluka owawasa.

Dziwaninso kuti filter (chosefa mawu) ya synth iliyonse muzidzaipotoza payokha, ndipo mawu a SH-101 sadzafanana ndi a Pro-One ngakhale mutatani. Zimenezo zisakudandaulitseni. Oberheim Four Voice ya 1975 inali ma SEM (ma synth aang'ono a noti imodzi) anayi oyalidwa pamodzi, iliyonse ndi mabatani ake, ndipo kusiyana pang'ono kumeneko ndiko anthu amaikondera mpaka lero. Pa mixer, ikani SH-101 chakumanzere, Pro-One chakumanja, MS-20 pakati, muyambe ndi ma chord aatali oyenda pang'onopang'ono.