Kodi Kompyuta Imawerenga Mahedifoni Kapena Imawazindikira?

Sabata ino ndalandira makalata atatu okhudza nkhani imodzi, ndipo onse achokera kudera la minda ya tiyi. Yoyamba ndi ya bambo wina amene ali ndi kashopu ka makompyuta ku Luchenza, komwe anthu amakataipitsa makalata ndipo ana asukulu amakaphunzira kompyuta madzulo. Iwo akufuna kumata pepala pakhoma lofotokoza zoyenera kuchita munthu akalowetsa mahedifoni koma osamva kanthu, chifukwa atopa ndi kuyankha funso lomwelo tsiku ndi tsiku. Vuto lawo ndi lakuti ana ena amati kompyuta siikuwerenga mahedifoni, ena amati siikumva, pamene ena amangoti zafa, choncho akufunsa kuti Chichewa choyenera kulemba ndi chiti, komanso kuti kabowo kaja akatchule kuti chiyani.

Bambo, ndiyambe ndi mneni, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Mawu akuti kuwerenga analowa m'chiyankhulo cha makompyuta kudzera pa mafulashi ndi makadi osungira zithunzi, ndipo pamenepo amakhala bwino ndithu, chifukwa mu fulashi muli zinthu zimene makinawo amayeneradi kuwerenga. M'mahedifoni a chingwe mulibe chowerenga chilichonse. Chimene chimachitika ndi chakuti m'kati mwa kabowo muli kaswichi kakang'ono kachitsulo, ndipo pini ikalowa mpaka kumapeto imakakankha, kenako kachipangizo koyang'anira mawu kamadziwa kuti pabwera mlendo n'kupatutsira mawu kumeneko. Mneni wogwirizana ndi zimenezi ndi kuzindikira, monga mmene mwini nyumba amazindikirira kuti wina walowa pakhomo ngakhale asanaodire.

Kumva ndikukukana pa zifukwa ziwiri. M'nkhani imeneyi wakumva ndi munthu, ndipo mukalemba kuti kompyuta siikumva, wowerenga wina aganiza kuti mukunena za maikolofoni imene siikutola mawu ake. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti kusamva m'Chichewa ndi khalidwe la mwana wamwano, ndipo ngakhale makompyuta ena amaoneka ngati ali ndi khalidwe limeneli, pepala lanu lisawaimbe mlandu wotere.

Mawu akuti zafa ndi amene ndikupemphani kuti muwaletse m'shopu mwanu, limodzi ndi mnzake uja wakuti sizikugwira ntchito, chifukwa onsewa amakwirira vuto m'malo molionetsa. Chichewa chili ndi ziganizo zosiyana za mavuto osiyana. Munthu akanena kuti kompyuta siikuwazindikira mahedifoni, akutanthauza kuti walowetsa pini koma palibe chasintha, nyimbo ikungotulukabe m'masipika, ndipo wokonza ayenera kuyang'ana kabowo, chingwe cha m'kati kapena pulogalamu. Akanena kuti mahedifoni sakumveka, pamene dzina lawo likuoneka pasikirini, ndiye kuti kuzindikira kwachitika, ndipo choyamba kuona ndi voliyumu kapena kumene mawu akulowera. Akanena kuti akumveka khutu limodzi, kapena kuti woimba akumveka patali ngati ali m'chitsime, kawirikawiri pini yalowa theka kapena chingwe chaduka m'kati pafupi ndi pini. Taonani kuti kachidutswa kakang'ono ka -ek- kamene kamasintha kumva kukhala kumveka kakuchotsa nkhani pa khutu la munthu n'kuiika pa chipangizo, ndipo mwana amene waphunzira kusankha chiganizo choyenera mwa zitatuzi wakufupikitsirani ntchito musananyamuke pampando.

Pa kalembedwe, ine ndimalemba siikuzindikira ndi i awiri, chifukwa woyamba ndi wa si- wotsutsa ndipo wachiwiri akuimira kompyuta. Ambiri amalemba sikuzindikira potsata mmene timayankhulira mofulumira, ndipo sindinganene kuti alakwa kwambiri, koma papepala lophunzitsira ana ndi bwino kuti zonse zioneke. Dzina lakuti hedifoni likuyenda ngati foni: timati hedifoni yanga, koma mahedifoni anga, ndipo n'chifukwa chake timati siikuwazindikira, osati siikuzizindikira.

Tsopano dzina la kabowo. Mawu a Chingerezi akuti jack musawasandutse Chichewa, chifukwa jeke tili naye kale ndipo ntchito yake ndi kunyamula galimoto pochotsa tayala. Ndaonanso ena akulemba kuti doko, potanthauzira mawu akuti port, koma doko ndi la sitima monga la Chipoka kapena la Nkhata Bay, ndipo palibe mwana wa ku Luchenza amene angalifunefune kuseri kwa kompyuta. Lembani kuti kabowo ka mahedifoni, tikachuluka timabowo, ndipo kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe, kamene kukula kwake ndi mamilimita 3.5, mukatchule kuti pini monga mmene okonza mafoni amatchulira.

Pamene pakufunika kusamala kwenikweni ndi pa mitundu. Kuseri kwa makompyuta ambiri a patebulo kuli timabowo titatu tofanana kukula, ndipo mitundu yake inachokera m'malangizo otchedwa PC 99 amene makampani a Intel ndi Microsoft anakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kotulutsa mawu kupita ku mahedifoni kapena masipika ndi kagirini, ka maikolofoni ndi kapinki, ndipo kolandirira mawu ochokera ku chipangizo china ndi kabuluu. Tsono mawu athu akuti kubiriwira ndi otakata, moti akuluakulu ena amawagwiritsa ntchito pa msipu komanso pa thambo, ndipo mukangolemba kuti kabowo kobiriwira, munthu wina alowetsa pini m'kabuluu n'kumadikira nyimbo imene siidzabwera. Inu muli ndi mwayi chifukwa chitsanzo chili pakhomo: lembani kuti kobiriwira ngati nsonga za tiyi zimene amathyola, pakuti mtundu wa kabowoko ndi wowala chimodzimodzi, wosiyana ndi masamba okhwima a m'munsi.

Ndikanakhala ine, pepalalo ndikanaliyamba motere: "Yambani mwayesa mahedifoni pafoni. Ngati kumeneko akumveka, alowetseni m'kabowo kobiriwira mpaka pini yonse italowa, ndipo ngati ka kutsogolo kakukanika, yesani ka kumbuyo." Chiganizo chomalizachi chili ndi chifukwa chake. Timabowo ta kumbuyo tinawotchereredwa pa motherboard penipeni, lija bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pamene ta kutsogolo timadalira chingwe chimene chimadutsa m'kati mwa bokosi, lija ambiri amalitchula kuti CPU ngakhale kuti CPU yeniyeni ndi kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwake. Ngati kumbuyo kukumveka koma kutsogolo kuli zii, mahedifoni ndi chipangizo cha mawu zilibe mlandu. Mutu wa chingwe chimenechi umakhala ndi malo khumi, amodzi otsekedwa kuti usalowe chozondoka, ndipo umalembedwa kuti HD AUDIO, pamene malo ake pa motherboard amalembedwa kuti AAFP, F_AUDIO kapena JAUD1 malinga ndi kampani. Chingwechi chimatha kusololoka kompyuta ikagwedezeka paulendo, kapena wokonza wina akaiwala kuchibwezeretsa. Gawo limeneli musalilembe papepala la ana, koma mukamalichita nokha muyambe mwathimitsa kompyuta ndi kuzula nthambo ya magetsi pakhoma.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wophunzitsa kompyuta pasukulu ina pafupi ndi Chitakale ku Mulanje. Iwo akuti ophunzira amaseka akawauza kuti kompyuta ilibe dalaivala wa mawu, ndipo akufunsa ngati pali mawu ena, komanso ngati ayenera kumasulira m'Chichewa mayina a zinthu zimene amadina mu Windows.

Mayi, anawo akuseka moyenera, chifukwa dalaivala kwa iwo ndi bambo wa minibasi ya ku Muloza. Mawu akuti driver asiyeni mmene alili, koma muwafotokoze kamodzi ndi fanizo limene likugwirizana ndi ntchito yake. Pulogalamu imeneyi siiyendetsa kanthu, koma ili ngati womasulira m'bwalo la milandu, amene amaima pakati pa gogo woyankhula Chilomwe ndi woweruza amene sachimva. Windows ili mbali ino, chipangizo cha mawu chili mbali inayo, ndipo womasulira akasowa kapena akabwera wosadziwa bwino chiyankhulocho, uthenga wakuti pini yalowa sufika. Zimenezi zimaoneka kawirikawiri pamene Windows yangoikidwa kumene, chifukwa imaika driver yake ya chisawawa imene mu Device Manager imaoneka ndi dzina lakuti High Definition Audio Device. Imeneyi imatulutsa mawu, koma nthawi zina siisamala bwino za timabowo ta kutsogolo, ndipo mankhwala ake ndi kutenga driver yeniyeni pa intaneti kuchokera kwa kampani imene inapanga kompyutayo kapena motherboard yake.

Mayina a pasikirini musawamasulire ngakhale pang'ono. Wophunzira amafunafuna ndi maso mawu amene mwamuuza, ndipo mukamuuza Chichewa pamene sikirini ikuonetsa Chingerezi, mwamutumiza kumsika ndi dzina la katundu limene ogulitsa salidziwa. Chichewa chigwire ntchito yolongosola njira. Munene kuti atsegule Control Panel, alowe mu Sound, ndipo pa Playback adine batani la kumanja la mausi pamalo opanda kanthu n'kusankha Show Disabled Devices, kuti zipangizo zimene zinatsekedwa zionekere. Mahedifoni akaoneka otuwa, awatsegule ndi Enable, kenako adine Set Default. Mawu akuti default ndi ovuta kuwapezera liwu limodzi, ndipo ine ndimati njira imene mawu amadzera pamene simunasankhe ina. Kufotokoza kumeneku kumathandiza ophunzira kumvetsa chifukwa chake kompyuta yolumikizidwa ku sikirini kapena TV ndi chingwe cha HDMI imakhala chete m'mahedifoni, pakuti HDMI imanyamula zithunzi ndi mawu omwe, ndipo Windows imatha kusankha njira imeneyo osakufunsani.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakuthandizeni ngati makompyuta a pasukulu panu ndi akale kapena ophatikiza zipangizo za mibadwo yosiyana. Kampani ya Intel inatulutsa dongosolo loyendetsera mawu m'kompyuta la AC'97 mu 1997, ndipo mu 2004 inabweretsa High Definition Audio, limene ndi lomwe linakhazikitsa kuzindikira pini ndi kaswichi ka m'kabowo. Bokosi lakale la AC'97 likalandira motherboard yatsopano, timabowo take ta kutsogolo sititumiza chizindikiro chimene motherboard ikudikira. Mu pulogalamu yoyang'anira mawu yotchedwa Realtek HD Audio Manager muli malo olembedwa kuti Disable front panel jack detection, ndipo m'makompyuta ena mungasankhenso pakati pa HD ndi AC97 mu BIOS, pulogalamu ya motherboard imene mumalowamo poyatsa kompyuta Windows isanatseguke. Mukayesa kumasulira chiganizo cha Realtek liwu ndi liwu mupeza Chichewa cholemera chimene palibe angachinene, choncho auzeni ana kuti apa tikuuza kompyuta kuti ileke kudikira chizindikiro, izingotumiza mawu kutsogolo kaya pini ilimo kaya mulibe.

Wachitatu ndi mnyamata wa ku Bvumbwe amene akufunsa kusiyana kwa kusomeka, kulowetsa ndi kulumikiza, ndipo wawonjezera kuti mahedifoni ake a foni amamveka pakompyuta koma anzake samumva akamayankhula.

Achimwene, kusomeka ndi kulowetsa nsonga ya chinthu pamene mbali ina yatsala kunja, monga kusomeka nthenga pachipewa, ndipo poyankhula palibe cholakwika kunena kuti mwasomeka mahedifoni. Polemba malangizo ndimakonda kulowetsa, chifukwa kumalola kuwonjezera kuti mpaka kumapeto. Kulumikiza kusungireni zinthu ziwiri zimene zikugwirizanitsidwa, monga mahedifoni a Bluetooth, amene alibe pini ndipo nkhani ya kabowo siiwakhudza. Pochotsa timati kuzula, ndipo muzigwira pini yeniyeniyo, chifukwa kukoka chingwe ndi kumene kumadula timawaya ta m'kati.

Za maikolofoni, yang'anani pini yanu pafupi ndi kuwerenga timizere tozungulira timene taigawa. Ya timizere tiwiri ndi ya makutu okha, pamene ya timizere titatu, monga ya mahedifoni a foni, ili ndi gawo lachinayi la maikolofoni. Kabowo kobiriwira ka kompyuta ya patebulo kalibe pokhudzira gawo limenelo, chifukwa maikolofoni ili ndi kabowo kakekake kapinki, kupatula pa makompyuta ena atsopano amene ali ndi kabowo kamodzi kochita zonse. Mukufunika kachingwe kolandira pini yanu mbali imodzi n'kugawikana pawiri mbali inayo, kamene m'mashopu amati splitter ndipo ine ndimati kachingwe ka mphanda. Kumbukiraninso kuti kwanuko chinyezi cha chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi chimagwirizana ndi fumbi, ndipo pini yochita dzimbiri kapena kabowo kodzaza zinyalala kamalepheretsa kaswichi kaja kusuntha. Pukutani pini ndi kansalu kouma, ndipo m'kabowo musalowetsemo singano kapena madzi. Ngati timabowo tonse takanika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pali kachipangizo kolowetsa pa USB kamene kali ndi timabowo take tiwiri ndipo sikadalira chipangizo cha mawu cha m'kati. Pokagula ku Limbe mukanene kuti mukufuna USB sound card, pakuti ndi dzina limene ogulitsa amalidziwa, ndipo mukatenge mahedifoni anu kuti mukayesere komweko musanalipire.