Kodi mawu akuti "sukulu" ndi a Chilatini?

Mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 5 anditumizira imelo. Akuti mwana anawafunsa m'kalasi kumene mawu akuti sukulu anachokera, iwo n'kuyankha kuti ku Chingerezi, koma kenako anamva kuti gwero lake ndi Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Ndiye akufunsa kuti zoona n'ziti.

Aphunzitsi, mwanayo simunamunamize. Ife tinawatola ku Chingerezi, school, ndipo anafala ndi amishoni, monga aja a Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875. Angerezi nawo anachita kubwereka ku Chilatini, schola, zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Koma Chilatinicho si mwinimudzi. Aroma anawatenga kwa Agiriki, ndipo apa ndi pamene pamandikoka mtima. M'Chigiriki, schole ankatanthauza mpata, nthawi imene munthu alibe ntchito yomupanikiza. Kutanganidwa ankakutchula kuti ascholia, kutanthauza kusowa mpata. Ku Athens, mzinda wa Agiriki, amuna amene anali ndi akapolo owalimira ndi kuwagwirira ntchito ndiwo ankapeza nthawi yokhala pansi n'kumakambirana nzeru ndi anthu ngati Plato ndi Aristotle. Pang'onopang'ono dzina la mpatawo linasamukira pa zokambiranazo, kenako pa malo amene ankakumanirana. Ndikaganiza za mtsikana amene amajomba chifukwa cha kulera mng'ono wake kapena kukagulitsa mandasi, ndimaona kuti tanthauzo lakalelo silinafe, ndipo zimandipweteka.

Aroma pomwe, kumene ana ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba ankakutchula kuti ludus, mawu omwenso amatanthauza masewera. Schola ankanena kwambiri za maphunziro a akuluakulu.

Kuchoka ku Roma, aliyense anawapinda malinga ndi lilime lake. Apwitikizi amati escola, Afalansa école, Ajeremani Schule, ndipo n'kwa Ajeremaniwo kumene Aswahili a ku Tanzania anatenga shule. Apwitikizi anaika e kutsogolo chifukwa kuyamba mawu ndi sk kunkawavuta. Ife tinaika u pakati ndi kumapeto, monga tinaikira u ndi i pa supuni (spoon), poti Chichewa sichilola s kugundana ndi k kapena p, komanso mawu athu amathera pa lembo la liwu. Mukhoza kuwalemba onsewa pa bolodi, anawo aone okha kufanana kwake.