Sindidya zonona, nanga mimbayi ikutuluka bwanji?

Bambo wina wa zaka 44 watilembera pa imelo. Mwachidule akuti: "Nyama yonona ndinasiya kalekale, zokazinga ndimadya mwa apo ndi apo. Koma mimba ikungotuluka, pomwe manja ndi miyendo sizinasinthe. Ndimalemera makilogalamu 78 ndipo ndine wamtali mamita 1.75. Mafutawa akuchokera kuti? Ndide nkhawa?"

Zikomo bambo pofunsa. Mimba imeneyo musaichepetse, ngakhale sikelo ikuoneka ngati ikukuyankhulirani zabwino. Tiyambe ndi kumene mafutawo akuchokera.

Thupi lilibe njira yotayira mphamvu yotsala. Chakudya chikagayidwa n'kulowa m'magazi, chimagwiritsidwa ntchito kapena chimasungidwa, basi. Galamu imodzi ya shuga kapena zakudya zokhutitsa imapereka makalori 4 (kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya), ya zakudya zomanga thupi 4, ya alikoholo wa mu mowa 7, ndipo ya mafuta 9. Zokhutitsa zikagayidwa zimasanduka shuga. Shugayo akachuluka m'magazi, kapamba amatulutsa insulini, yomwe imauza maselo kuti atenge shugayo. Wina amawotchedwa pompo, wina amasungidwa ngati glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi magalamu 400 m'minofu. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, ndipo kwa munthu amene amatandala pampando imakhala yodzaza kale.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu. Anthu ambiri amaganiza kuti shuga yense wotsala amasanduka mafuta nthawi yomweyo. Chiwindi chimathadi kuchita zimenezo, makamaka munthu akamamwa kwambiri zakumwa zotsekemera, poti mtundu wa shuga wotchedwa fructose umathera m'chiwindi momwemo. Koma chimene chimachitika kawirikawiri ndi china. Insulini akakwera, thupi limasiya kutapa mafuta amene linasunga n'kuyamba kuwotcha shuga amene wangobwerayo. Ndiye mafuta aliwonse amene anali m'chakudyacho, kaya ophikira, kaya a mu mkaka kapena mabisiketi, amangopita kukasungidwa osakhudzidwa. Mowa umaposa apo: thupi silitha kuusunga, choncho limathamangira kuwotcha mowawo kaye, zina zonse zidikire. N'chifukwa chake munthu angathe kusiya nyama yonona koma mimba n'kumakulabe.

Ndipo sizifuna zambiri. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Chitini cha mamililita 330 cha chakumwa chotsekemera chimakhala ndi shuga wokwana magalamu 35, makalori pafupifupi 140. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Werengani nokha: chitini chimodzi chowonjezera tsiku lililonse chimakwanitsa chiwerengero chimenecho m'miyezi iwiri. Thupi silitsatira masamu ndendende chifukwa likamakula limawotchanso zambiri, koma kumene zinthu zikulowera n'komweko.

Mafuta amasungidwa m'maselo akeake. Selo lililonse limafufuma likamalandira mafuta, ndipo munthu akawonda maselowo amangofwapa, sachoka. Maselo omwewa amatulutsa leptin, amene gulu la Jeffrey Friedman linatulukira mu 1994 ku Rockefeller University. Leptin amauza ubongo kuchuluka kwa mafuta amene alipo. Munthu akawonda, leptin amatsika ndipo njala imakula. Choncho amene amawonda n'kunenepanso si kuti ndi ofooka maganizo. Akulimbana ndi thupi lawo lomwe.

Tsopano za nkhawa yanu. Mafuta onse si ofanana. Ali pansi pa khungu, amene mungawatsine ndi zala m'ntchafu kapena m'matako, savuta kwenikweni. Ovuta ndi amene ali m'kati mwa mimba, okuta matumbo, amene simungawatsine. Mimba yake imakhala yolimba, yotuluka kutsogolo. Magazi ochokera m'dera limeneli amapita molunjika kuchiwindi, ndiye zonse zimene mafutawa amatulutsa, kuphatikizapo zinthu zoyambitsa kutupa kwa m'kati, zimathira m'chiwindi. Mafuta akapitirira 5 peresenti ya chiwindi, madokotala amati chiwindi chachita mafuta. Chiwindi chotere chimasiya kumvera insulini, chimapitiriza kutulutsa shuga ngakhale magazi ali ndi shuga wokwanira. Minofu nayo imayamba kukana. Kapamba amalimbikira kutulutsa insulini wochuluka kwa zaka zambiri munthu asakumva kalikonse, mpaka amatopa. Apo ndiye pamene matenda a shuga a mtundu wachiwiri amaonekera.

Njira yomweyi imakweza mafuta a m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mitsempha ikawonongeka pamabwera matenda a mtima ndi sitiroko. Palinso kubanika kutulo, kupweteka kwa mawondo, komanso khansa: mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, linatchula mitundu 13 ya khansa yogwirizana ndi kunenepa, kuphatikizapo ya m'matumbo, ya chiwindi, ya impso ndi ya m'mawere kwa amayi amene anasiya kusamba.

BMI yanu, muyeso woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, ndi 25.5, ndiko kuti makilogalamu 78 kugawa ndi 1.75, kenako kugawanso ndi 1.75. Mwangodutsa pang'ono malire a 25 pamene kunenepa kumayambira, ndipo muli kutali ndi 30 pamene munthu amatchedwa wonenepa kwambiri. Koma BMI sidziwa kumene mafuta akhala, ndipo kwa inu tepi ingakuuzeni zoona kuposa sikelo. Imirirani, pezani nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, zungulizani tepi pakati pa ziwirizi, pakhungu penipeni. Tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, musakoke mimba, ndipo musayeze pamene pamadutsa lamba, chifukwa lamba amathawira pansi pa mimba. Kwa abambo ngozi imayamba kukwera pa masentimita 94 ndipo imakula pa 102. Kwa amayi ndi 80 ndi 88. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti muyeso umenewu usafike theka la kutalika kwanu. Kwa inu, theka limenelo ndi masentimita 87.5.

Chokondweretsa n'chakuti mafuta a m'kati mwa mimba sachedwa kuchepa munthu akayamba kuyenda ndi kuchepetsa zakudya. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 ku United States, anali wa anthu amene shuga wawo anali atayamba kale kukwera. Anawalimbikitsa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti komanso kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo cha matenda a shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa inu, 7 peresenti ndi makilogalamu 5 ndi theka okha. Yambani ndi zakumwa zotsekemera ndi mowa, chifukwa sizikhutitsa. Yezani mafuta ophikira ndi supuni m'malo mongothira. Onjezani masewera onyamula zolemera kawiri pa sabata, poti minofu ndi imene imamwa shuga wambiri mukadya.

Musataye nthawi ndi malamba otulutsa thukuta kapena masewera a pamimba pokha. Thukuta ndi madzi, amabwerera mukangomwa. Mafuta akawotchedwa, pafupifupi 84 peresenti amatuluka ngati mpweya kudzera m'mapapo, otsalawo ngati madzi, ndipo thupi limatapa ponseponse, osati pamene mukulimbitsapo. Sikelo ikatsika msanga sabata yoyamba, dziwani kuti ambiri ndi madzi, chifukwa galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa ndi madzi okwana magalamu atatu.

Pa msinkhu wanu, kayezetseni shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi ngakhale mukumva bwino. Ngati mumamwa mankhwala monga prednisolone, auzeni adokotala za mimbayi, chifukwa mankhwala amenewa amaunjika mafuta pamimba, koma musawasiye panokha. Ndipo ngati mimba yakula m'masabata ochepa, miyendo ikutupa kapena maso achita chikasu, amenewo angakhale madzi osati mafuta, ndipo mupite kuchipatala osadikira.