Mwafunsa, Tayankha: Anime ili ndi chiyani chimene TV wamba ilibe?

Mafunso a mwezi uno aunjikana pa nkhani imodzi: anime, makatuni opangidwa ku Japan. Ena achokera kwa oonera, ena kwa makolo amene mitu yaima. Tasankhapo asanu.

Akonzi, mwana wanga ali ndi zaka 22, ndevu pepeya, koma usiku wonse amachezera makatuni a ku Japan. Masewero a pa TV sawayang'ana n'komwe. Akupezamo chiyani? — Bambo wodabwa

Bambo, mwana wanu sanabwerere ku umwana. Ku Japan nkhani yojambula ikhoza kulembedwera mwana wa zaka 5 kapena munthu wa zaka 50. Anime yambiri imachokera m'mabuku a nkhani zojambula otchedwa manga, ndipo magazini a manga amagawidwa potengera owerenga: shonen ndi ya anyamata, shojo ya atsikana, seinen ya amuna akuluakulu, josei ya amayi. Yambiri ya masiku ano imaulutsidwa pakati pa usiku, ana atagona kale. Monster, ya magawo 74, ndi nkhani ya dokotala wa ubongo amene anapulumutsa mnyamata yemwe atakula anasanduka wopha anthu. Grave of the Fireflies, filimu ya Isao Takahata ya mu 1988, imatsatira mnyamata ndi mlongo wake akulimbana ndi njala ku Kobe mu 1945, nkhondo ikupita kumapeto. Mmenemo mulibe choseketsa.

Chimene chimakoka anthu, mmene ife tikuonera, chimayambira pa ndalama zopangira. Sewero la anthu enieni likafuna mzinda woyandama m'mitambo kapena gulu lankhondo likuwoloka nyanja, pamafunika malo, zovala, anthu ambirimbiri ndi akatswiri a kompyuta, ndipo zonsezo n'zodula. N'chifukwa chake masewero ambiri a pa TV amangozungulira malo omwewo: chipatala, polisi, khoti, pabalaza. Malowo amamangidwa kamodzi n'kugwira ntchito zaka. Wojambula alibe chingwe chimenecho m'khosi. Kujambula munthu akuuluka n'kovutirapo kusiyana ndi kujambula munthu atakhala pansi, inde, koma kusiyana kwake sikufika pa mmene kumakhalira ndi kamera. Ndiye mlembi amamasuka, nkhani n'kupita kulikonse kumene yafuna.

Olipira nawonso ndi osiyana. Wailesi ya kanema yaikulu imadalira otsatsa malonda, choncho imafuna pulogalamu yoti agogo, makolo ndi ana aonere limodzi popanda wonyansidwa. Anime ya usiku kawirikawiri imalipiridwa ndi makampani angapo osonkherana: osindikiza manga, ogulitsa nyimbo, opanga zidole, oulutsa pa intaneti. Aliyense amabweza ndalama zake m'njira yake, ndipo safunika dziko lonse kuti liwonere, akapeza gulu lokonda ndi mtima wonse zakwana. Apa m'pamene pamachokera nkhani zimene TV wamba singayerekeze: Haikyu!! ndi ya timu ya volebo ya kusekondale, Silver Spoon ndi ya sukulu ya zaulimi ku Hokkaido, ndipo Cells at Work! anthu ake ndi maselo a m'thupi, ena akunyamula mpweya ena akuthamangitsa tizilombo.

Chinanso n'choti nkhani imakhala ndi mwini wake. Manga amalemba munthu mmodzi kapena awiri, pothandizidwa ndi mkonzi, ndipo nkhani zambiri zimalowera ku mapeto. Death Note ili ndi magawo 37 basi, Cowboy Bebop 26. Attack on Titan inayamba mu 2013 n'kutha mu 2023, ndipo zinthu zina zimene zinaoneka m'gawo loyamba zinadzamveka tanthauzo patapita zaka. Munthu akaduka mkono amakhala choncho mpaka nkhani ithe, amene anali mdani amasintha pang'onopang'ono woonera akuona. Yerekezani ndi sewero lija loti sabata iliyonse pamabwera mlandu watsopano, n'kutha, sabata yamawa zonse n'kuyambira pomwe zinalili, mpaka oonera atachepa pulogalamu n'kudulidwa nkhani ili pakati.

Koma tisakokomeze. Sazae-san yakhala ikuulutsidwa kuyambira 1969 ndipo anthu ake sakalamba. Miyezi itatu iliyonse kumatulukanso nkhani zingapo zofanana ndendende, za mnyamata wamba amene wafa n'kudzukira m'dziko lina ali ndi mphamvu zoposa aliyense. Anime yosakoma ilipo yambiri, monganso masewero abwino a anthu enieni alipo. Mufunseni mwana wanuyo kuti akusonyezeni imodzi imene amaikonda kwambiri, muonere naye magawo atatu.

Ndayesapo kuonera koma ndimaona ngati akutibera. Munthu amangoima chilili, pakamwa pokha m'pamene pakuyenda. Kodi umenewu si ulesi? — Mayi wokonda mafilimu

Mayi, maso anu sanakunamizeni, koma nkhani yake ndi ya masamu. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Makatuni akale a Disney oonetsedwa m'nyumba za mafilimu ankakhala ndi zojambula 12 kapena 24 pa sekondi iliyonse. Gawo limodzi la anime limatenga mphindi pafupifupi 24. Mukachotsa nyimbo yotsegulira ndi yotsekera, iliyonse masekondi 90, pamatsala mphindi 21, amene ndi masekondi 1,260. Pa zojambula 12 pa sekondi, zimenezo ndi zojambula zoposa 15,000, ndipo gawo latsopano likufunika sabata iliyonse.

Osamu Tezuka, wojambula manga wotchuka, anakumana ndi vuto limeneli pamene anime yake ya Astro Boy inayamba kuulutsidwa pa 1 January 1963. Njira zimene situdiyo yake inagwiritsa ntchito zilipobe mpaka pano. Zojambula zimakhala 8 pa sekondi kapena kucheperapo. Nkhope imajambulidwa kamodzi, pakamwa n'kujambulidwa padera katatu: potseka, potsegula pang'ono, potsegula kwambiri. Chithunzi chimodzi chachitali chimayendetsedwa pang'onopang'ono kuti zioneke ngati kamera ikuyenda. Kachigawo kobwerabwera, monga munthu akusintha maonekedwe asanamenye nkhondo, kamajambulidwa kamodzi n'kumabwerezedwa. Motero gawo limatheka ndi zojambula masauzande ochepa.

Chochititsa chidwi n'choti kuperewera kumeneku kunasanduka luso, ndipo n'kumene oonera ambiri amakonda. Poti thupi silikuyenda, wotsogolera amaika nzeru pa zina: maso a munthu ataonetsedwa pafupi kwa masekondi asanu, dontho la thukuta likutsetsereka pa tsaya, mawu a mumtima akumveka pamene pakamwa pali potseka. Woonera amalowa m'mutu mwa munthuyo m'njira imene sewero la pa kamera silichitachita. Mphamvu zimene zasungidwazo zimakathiridwa pa mphindi imodzi kapena ziwiri za ndewu kapena kuvina, pamene chilichonse chimayenda, tsitsi, nsalu, fumbi. Okonda anime amatcha tizigawo totere sakuga, ndipo ena amazindikira dzanja la wojambula wake asanawerenge n'komwe mayina a kumapeto.

Kapangidwe kake kamayenda motere. Mlembi akamaliza, wotsogolera amajambula ndondomeko ya tizithunzi ting'onoting'ono yogawa gawolo m'tizidutswa pafupifupi 300. Ojambula akuluakulu amajambula poyambira, pachimake ndi pothera pa kuyenda kulikonse. Woyang'anira amakonza nkhope kuti zifanane. Ojambula ongoyamba kumene amadzaza zithunzi zapakati. Kenako pamabwera kupaka mitundu pa kompyuta, kuika malo akumbuyo amene amajambulidwa padera, kuwonjezera kuwala ndi mithunzi, ndiye mawu ndi nyimbo.

Chimene chimaononga zinthu ndi nthawi. Ndondomeko ija ikachedwa sabata imodzi, aliyense wapambuyo amapanikizika. Ntchito imagawidwa kwa anthu ambiri, ina n'kutumizidwa ku masitudiyo a ku South Korea, China kapena Philippines, ndipo woyang'anira sakwanitsa kukonza zonse. Zotsatira zake mumaziona: diso lina pamwamba lina pansi, zala zosaoneka bwino, munthu wakutali wopanda nkhope. Mukaona pakati pa sizoni pabwera gawo longokumbutsa zimene munaonera kale, nthawi zambiri ndiye kuti situdiyo ikugula sabata. Zolakwika zina zimakonzedwa anime ikamatuluka pa disiki. Ndipo kuseri kwa zonsezi kuli dandaulo lakalekale: odzaza zithunzi zapakati ambiri amalipidwa pa chojambula chilichonse, ndalama zake n'zochepa, ndipo ambiri amasiya ntchito asanafike pokhwima.

Ndikuonera Naruto. Nkhani inali bwinobwino, kenako mwadzidzidzi yasanduka maulendo opanda mutu. Chachitika n'chiyani? — Mnyamata wa kusekondale

Achimwene, mwalowa m'magawo ongodzazira, amene oonera amawatcha filler. Magazini monga Weekly Shonen Jump imatulutsa mutu umodzi wa nkhani pa sabata, wa masamba pafupifupi 19. Gawo limodzi la anime limadya mitu iwiri kapena itatu. Anime yoyenda chaka chonse osapuma imathamanga kuposa mlembi, ndipo tsiku lina imamupeza.

Zikatero situdiyo imasankha. Ikhoza kupeka nkhani zapambali zosakhudza nkhani yaikulu, ndipo zimenezi zimazizira chifukwa palibe amene amaloledwa kufa, kukula kapena kuphunzira kanthu kokhalitsa. Naruto yoyamba ili ndi magawo 220, ndipo kuyambira gawo 136 mpaka chakumapeto pafupifupi onse ndi otere. Naruto Shippuden, yopitiriza nkhaniyi, ya magawo 500, nayonso ili nawo ambiri. Ikhozanso kutalikitsa zochitika, monga One Piece, imene inayamba mu 1999 n'kupitirira magawo 1,000 mu 2021, ndipo nthawi zina gawo lathunthu limachokera pa mutu umodzi wokha. Kapena ikhoza kupeka mapeto akeake: Fullmetal Alchemist ya mu 2003 inachita zimenezo, ndipo mu 2009 anaipanganso ngati Brotherhood, ya magawo 64, yotsatira manga ya Hiromu Arakawa mpaka kumapeto.

Masiku ano ambiri amapanga magawo 12 kapena 13, oyamba mu January, April, July kapena October, kenako n'kupuma. Nkhani imayenda bwino, koma mumadikira chaka kapena ziwiri, ndipo nthawi zina sizoni yachiwiri sibwera n'komwe chifukwa cholinga chinali kutsatsa manga. Pa Naruto, fufuzani pa intaneti mndandanda wa magawo ongodzazira, muwadumphe. Simutaya kanthu.

Chabwino n'chiti, kumvera Chijapani n'kumawerenga mawu m'munsi, kapena yolowetsedwa Chingerezi? — Wongoyamba kumene

Mkangano umenewu sudzatha, koma ife timakondera Chijapani. Ku Japan kulankhulira makatuni ndi ntchito yophunziridwa kusukulu zake, ndipo wotsogolera amakhalapo pojambula mawu. Chijapani chimasonyezanso ulemu ndi ubale m'katchulidwe ka mayina, moti munthu akasiya kuitana mnzake ndi dzina la bambo ake n'kuyamba dzina lake lenileni, oonera amadziwa kuti pachitika chachikulu. Pomasulira zimenezi zimasowa, komanso womasulira amakakamizika kufupikitsa kapena kutalikitsa chiganizo kuti chigwirizane ndi kuyenda kwa pakamwa.

Kale ankasinthanso nkhani imene. Mu Pokémon ya Chingerezi mipira ya mpunga anaitchapo madonasi, ndipo mu One Piece ndudu ya Sanji, wophika wa m'sitima, inasandutsidwa switi. Zomasulira za masiku ano n'zabwinopo kwambiri. Ngati kuwerenga kukukuphonyetsani zithunzi, makamaka pa ndewu zothamanga, sankhani Chingerezi popanda manyazi.

Mwana wanga wa zaka 9 akufuna kuyamba kuonera. Ndidziwa bwanji yoyenera? — Mayi wa ana awiri

Mayi, musadalire maonekedwe. Made in Abyss ndi Puella Magi Madoka Magica zili ndi tiana ta maso aakulu tokongola, koma zimene timakumana nazo n'zoti ngakhale wamkulu amatembenuza nkhope. Dzina loti shonen nalonso silikutanthauza kuti n'zoyenera mwana wamng'ono: Demon Slayer ndi shonen, filimu yake ya mu 2020 inaposa filimu yotchuka ya Spirited Away pa ndalama zimene inapeza ku Japan, koma m'nkhani yonse ziwanda zimaphedwa podulidwa mitu. Palinso chizolowezi chimene ife sitigwirizana nacho, choika zithunzi zodzutsa chilakolako m'nkhani zimene sizikufunikira zimenezo, nthawi zina pa anthu ojambulidwa ngati ana asukulu.

Yambani ndi kuona msinkhu wovomerezeka umene kampani youlutsa pa intaneti monga Netflix kapena Crunchyroll imalemba pa pulogalamu iliyonse, ndipo pamene zingatheke mutsegulireni mwanayo mbali yakeyake ya ana yokhala ndi nambala yachinsinsi. Onerani nokha magawo atatu oyamba, ndi ola limodzi ndi mphindi 12 basi, chifukwa nkhani zambiri zimaonetsa khalidwe lake lenileni pofika gawo lachitatu. Tsekani njira yoti gawo lotsatira lizingoyamba lokha, poti magawo ambiri amathera pamalo osiya mtima uli m'mwamba ndipo mwana sangaime yekha. Aonere m'chipinda chowala, atatalikirana ndi kanema: mu December 1997 gawo lina la Pokémon lokhala ndi magetsi ofiira ndi abuluu ophethira mwamsanga linachititsa kuti ana mazanamazana ku Japan athamangire nawo kuchipatala, ndipo ngakhale malamulo anakhwima kuchokera pamenepo, mwana wodwala khunyu amafunikabe kusamala naye.

Zoyambira zabwino pa msinkhu umenewo ndi Doraemon, Pokémon, ndi mafilimu awiri a Hayao Miyazaki, My Neighbor Totoro ya mu 1988 ndi Kiki's Delivery Service ya mu 1989. Spirited Away, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2003, ili ndi malo pamene makolo a mtsikana amasanduka nkhumba, ndipo ana ena amachita nazo mantha. Imeneyo muonere naye limodzi.